Kukwera hatchi m'nkhalango, kuphiri ndi pamchenga: dziwiranitu izi

Kuli malo ngati Costa Rica komwe anthu amayenda pahatchi m'nkhalango zowirira, kukwera mapiri mpaka kukatulukira kunyanja. Ngati mukufuna zoterezi, choyamba musamunamize gaidi, wokutsogolerani paulendowo. Akakufunsani ngati munakwerapo nenani zoona, ndi makilo anu omwe, chifukwa hatchi siyenera kunyamula katundu wopitirira 20 peresenti ya kulemera kwake, ndiye ya makilo 450 malire ake ndi 90 basi, chishalo chili momwemo.

Valani thalauza lalitali, kabudula ayi, mungasupuke ntchafu. Nsapato ikhale ya kachidendene kuti phazi lisalowerere m'chopondera, helimeti musakane olo kutenthe bwanji. Poyandikira hatchi dzerani chakuphewa mukuiyankhula, kumbuyo kwenikweni siona ndiye ikadzidzimuka ndi theche. Mumakwerera kumanzere. Mukayenda mphindi 10 uzani gaidi aonenso lamba wa chishalo, amakhwepa.

M'nkhalango nyamukani m'mawa poti mvula imakonda masana. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti hatchi imayeza njira ndi thupi lake lokha, bondo lanu ndi mutu wanu ilibe nazo ntchito, ndiye pakati pa mitengo iwiri muziiongolera nokha, nthambi ikabwera weramani pakhosi pake. Osaigwira nthambiyo n'kuitaya, imakamenya amene ali m'mbuyo. Siyani mpata wokwana hatchi imodzi pakati panu ndi wakutsogolo. Renikoti osavala muli pamsana, kuphaphatika kwa pulasitiki kumaiopsa.

Kuphiri ndi komwe anthu amalakwitsa kwambiri. Pokwera weramirani kutsogolo, mukhoza kugwira ubweya wa pakhosi palibe vuto. Potsika bwererani m'mbuyo pang'ono, zidendene pansi, koma zingwe zoiongolera musazikunge, zimasuleniko. Ndikudziwa mantha amakuuzani kuti kokani, koma hatchi imagwiritsa ntchito khosi kuti isapepesuke komanso imafuna kutsitsa mutu ione popondapo, mukaikoka ndiye mwaimanga pamalo oipa. Ikaima n'kumanunkhiza pamatope kapena pamwala woterera isiyeni iganize, njirayo yadutsamo kambirimbiri, inu ndi koyamba.

Kunyanja yamchere funsani kaye nthawi yomwe madzi amaphwa, m'malo ambiri amakwera ndi kutsika kawiri patsiku, kuchoka pokwera kufika potsika ndi maola 6 kapena kuposerako pang'ono. Yendani pamchenga wonyowa wolimba uja, wouma wotitimira umatopetsa hatchi n'kupweteka mitsempha ya miyendo. Zothamangitsa dikirani gaidi anene, imodzi ikaliyatsa zonse zimatsatira.

Ndiye mukalowa m'madzi hatchi n'kuyamba kupalasa ndi mwendo wakutsogolo, aaa musamaseke kuti ikusewera, ikufuna kugona n'kugubuduka! Dzutsani mutu wake, igundeni ndi zidendene ipitirire. Ine ndinkajambula nthawi imeneyo, ndinangozindikira madzi afika m'chiuno, foni sinayakenso.

Mukabwerako thandizani kuitsuka miyendo ndi madzi opanda mchere, muchotse timiyala m'ziboda, imwenso madzi poti patsiku imatha malita 25 mpaka 50 kukatentha. Inuyo ulendo woyamba usapitirire maola 2, apo ayi mawa lake masitepe mudzatsika chammbali.