Kasungidwe ka masharuto a m'kaisha kuno ku Tete kotenthaku

Sabata yatha mwana wa mlongo wanga amene ali ndi baraka ku Matundo anandiimbira foni usiku, akuti malume inu ndi a tekiniko a fodya tandithandizeni, ndagula makaisha atatu a masharuto, ndudu zazikulu zija zokulunga ndi tsamba la fodya, kwa munthu wochokera ku Johannesburg kuti ndizigulitsa kwa mabwana a ku migodi ya malasha ku Moatize koma ndatsegula kaisha imodzi ndapeza tsamba lakunja lang'ambikang'ambika, ukaigwira ikungolira tswatswa ngati mapesi a mu Okutobala. Ndinamufunsa kuti wawaika pati, akuti pa shelefu pamwamba pa jeleira (firiji), nyumba yake ya malata. Aaa ndinangogwira pakamwa. Nde ndati ndilembe pano chifukwa si iye yekha amene wayamba geni imeneyi.

Ine ntchito yanga ndi ya alimi a fodya wa bale kuno ku Angónia, sharuto sindisuta ndipo sindikuuza munthu kuti ayambe, utsi wake umawononga chifuwa ngati wa ndudu wamba. Koma fodya ndi fodya basi. Mlimi aliyense wa ku Ulongwe kapena ku Macanga akudziwa kuti tsamba louma m'chigafa sungalikhudze masana dzuwa lili paliwombo, limangofumbutuka m'manja, umadikira m'bandakucha mame atagwa kuti lifewe ndipamene umatsitsa mikangala nkuyamba kumanga ndindi. Tsambalo limamwa chinyezi cha mu mpweya, mpweya ukauma limabwezanso. Sharuto ndi tsamba lomwelo, angolikulunga mkati ndi kunja komwe popanda pepala, nde khalidwe lake silinasinthe ngakhale ili mu kaisha yokongola yochokera ku Cuba kapena ku Nicaragua.

Chimene sharuto imafuna ndi mpweya wa chinyezi cha pakati pa 65 ndi 72 peresenti ndi kutentha kwa madigiri 18 mpaka 21, ndipo ngati mukufuna kusunga zaka ndi bwino kutsamira cha ku 65 kuja. Tsono taganizani mzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapyola madigiri 40 mpweya uli gwa kuuma, kenako mvula ikayamba mu Disembala chinyezi chimakwera mpaka nsapato za chikopa kuchita chuku pansi pa bedi. Kusinthasintha kumeneku ndi kumene kumapha sharuto, chifukwa chinyezi chikabwera mwadzidzidzi zam'kati zimatupa, tsamba lakunja ndi lopyapyala silipirira, limang'ambika.

Azungu ali ndi mabokosi awo odula opangira zimenezi, mkati amayalamo matabwa a Cedrela odorata, mtengo wa banja limodzi ndi mbawa yathuyi. Inu musavutike nazo. Tengani kolemani, ija mumaikamo zakumwa ndi ayezi, yatsopano kapena yoti sinalowemo nsomba za ku Cahora Bassa, muitsuke bwinobwino muisiye yotsegula pamthunzi masiku angapo mpaka fungo la pulasitiki lithe. Makaisha muwalowetse momwe alili, masharuto osawatulutsa ayi, thabwa la kaishalo limathandiza kusunga chinyezi, kungoti musawapanikize, pakati pazikhala kampata koti mpweya uziyenda. Wina anandiuza kuti ayalamo matabwa a mkungudza poti amanunkhira, ndinamuletsa, fodya amatenga fungo la chilichonse chili pafupi, kaya ndi sopo kaya parafini kaya mafuta odzola, ndipo akalitenga salisiya.

Za chinyezi tsopano. Chophweka ndi timapaketi ta Boveda, timalembedwa nambala pamwamba, 65, 69 kapena 72, timatulutsa chinyezi mpweya ukauma nkumwanso chikachuluka, mukamva kuti kapaketi kauma gwa mumasintha. Ngati simunatipeze ikani siponji yatsopano m'kambale, muinyowetse pang'ono ndi madzi otcheza aja ogulitsa m'mabotolo owonjezera mu batire ya galimoto, ndikunena madzi okhaokha osati asidi chonde, ndipo kambaleko kasakhudze kaisha. Madzi a pa mpopi kapena a mu Zambezi ayi, amabweretsa chuku. Ndipo apa ndibwereze zomwe ndimakalipira alimi chaka ndi chaka, fodya sawaza madzi. Amene amawaza madzi pa ndindi kuti belo lilemere amadziwa zimene amakapeza akamasula chiguduli, mkati mwatentha mwada bii. Timanyowetsa mpweya, tsamba lizimwa lokha pang'onopang'ono.

Mufunikanso kachipangizo koyezera chinyezi, kadijito kaja kotchipa, koma musakakhulupirire musanakayese chifukwa tambiri timanama. Thirani mchere wa pa ndiwo m'chitsekerero cha botolo, donthezerani madzi pang'ono ungonyowa ngati mchenga wa kudambo osasungunuka, muike limodzi ndi kachipangizoko m'jumbo yotseka bwino tsiku lathunthu. Kakuyenera kuwerenga 75. Kakawerenga 70 nde mwadziwa kuti nthawi zonse muziwonjezera 5 m'mutu mwanu.

Vuto lalikulu kwa inu a mu mzinda ndi kutentha, ndipo ndisakunamizeni, kolemani siiziziritsa kanthu, imangochedwetsa kutentha kulowa. Pali kachilombo kofiirira kakang'ono ngati nankafumbwe, kotalika mamilimita 2 kapena 3, dzina lake Lasioderma serricorne, ife a fodya timakadziwa m'nyumba zosungira mabelo. Mazira ake amatha kubwera ali kale mu tsamba, kukatentha kupyola madigiri 22 kapena 23 chinyezi chilipo amaswa, mphutsi zake nkuyamba kuboola. Mudzangoona kabowo kozungulira ngati kobaya ndi singano ndi kafumbi kofiirira pansi pa kaisha, mukachedwa kaisha yonse ya masharuto 25 yapita ndipo kalowa ina. Nde kaisha iliyonse yatsopano muyambe mwaikulunga m'majumbo awiri otseka, igone mu jeleira tsiku limodzi, kenako mu kongelado, muja mopangira ayezi, masiku atatu kapena anayi pa madigiri 18 pansi pa ziro, ibwererenso mu jeleira tsiku limodzi ndipamene muitulutse, osamasula jumbo mpaka kuzizira kutatha kuti thukuta ligwire jumboyo osati fodya. Magetsi akathima pakati yambaninso kuwerenga masiku. Koma jeleira si mosungira ayi, mpweya wake ndi wouma kwambiri komanso muli fungo la ndiwo.

Kolemaniyo ikhale pansi pa simenti m'chipinda cham'kati chosawomba dzuwa, kutali ndi jeleira chifukwa kumbuyo kwake kumatulutsa moto. Muzitsegula kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri mpweya usinthe, masharuto atsopano amatulutsa kafungo koswa mphuno ngati ka m'khola la nkhuku, kamatha kokha pakapita miyezi. Mukatsegula choncho sinthani makaisha, wapansi abwere pamwamba, tengani sharuto imodzi muipsinje pang'ono ndi zala, yabwino imalowa pang'ono nkubwerera. Tinthu toyera pamwamba pukutani ndi kansalu kouma nkutsitsa chinyezi, koma chuku chobiriwira makamaka chikalowa kumapeto kotsegula kuja, imeneyo ndi ya kudzala. Makaisha a ku Cuba amakhala ndi chidindo cha mwezi ndi chaka pansi pake, enawo lembani nokha tsiku lomwe mwagula kuti muziyamba kugulitsa akale.

Zouma kale ngati za mwana wa mlongo wanga uja zimabwerera koma osathamanga nazo, yambani ndi chinyezi chochepa cha 62 masabata awiri kenako 65, zitha kutenga mwezi kapena iwiri, ndipo fungo lina lomwe linauluka silibweranso. Iye ndinamuuza kuti zong'ambikazo asagulitse kwa munthu, kaisha imodzi atsale nayo yogulitsa msanga, ziwiri zinazo akazichotsa mu kongelado azikweze chapa zibwere kuno ku Ulongwe kumtunda kozizira, ndili ndi kachipinda kopanda windo komwe ndimasungira mbewu. Wati abwera nazo Loweruka, kolemani agula yake.