Momwe mungatsekere mipata ya m'nyumba ndi thovu lam'chitini, ndi malo amene siliyenera kuthiridwa

Thovu lam'chitini, lomwe amisiri ambiri amangolitchula kuti PU foam, limakopa msanga munthu amene waliona likugwira ntchito, chifukwa mpata umene ukanafuna kukanda simenti ndi kudikira mpaka mawa umatsekeka m'kanthawi kochepa. Limatuluka m'chitini lili lofewa ndi lomata, kenako limafufuma ngati mtanda wa mandasi wothira isiti mpaka kudzaza mpata wonse, ndipo likauma limakhala lopepuka ndi lodulika ndi mpeni. Ntchito yake ndi kuletsa mphepo, fumbi, phokoso ndi tizilombo touluka kudutsa pamalo pomwe zinthu ziwiri sizinakumane bwino, monga pakati pa felemu la zenera ndi khoma kapena mozungulira paipi yomwe yaboola khoma. Mavuto ambiri amene anthu amakumana nawo amabwera akalipatsa ntchito ya simenti, ya phula kapena ya misomali, yomwe silingaikwanitse.

Thovuli ndi la mtundu wa pulasitiki wotchedwa polyurethane, umene katswiri wina wa ku Germany, Otto Bayer, anaupanga koyamba ndi anzake mu 1937. M'chitinimo muli mankhwala a isocyanate omwe amauma akakumana ndi chinyezi, komanso gasi wokankha thovulo, yemwe nthawi zambiri amakhala propane kapena butane, wa mtundu womwewo umene anthu amaphikira. Zinthu ziwirizi ndi zomwe zimafotokoza malangizo onse otsatirawa.

Musanapite kukagula, yang'anitsitsani mpatawo. Thovu limagwira bwino pampata woyambira pafupifupi sentimita 1 kufika masentimita 4 kapena 5. Kamng'alu koonda kamene simungalowetsemo chala kamafuna silikoni kapena fila (phala lotsekera ming'alu ing'onoing'ono), pomwe bowo lalikulu lolowa mkono wonse limafuna njerwa ndi simenti. Ngati ndi mng'alu wa khoma womwe ukunka nukula chaka ndi chaka, vuto lili pansi pa maziko, ndipo kuudzaza thovu kumangobisa chizindikiro chomwe mmisiri womanga akanafuna kuona.

Pogula, tembenuzani chitini muone tsiku lomwe chidzathere mphamvu, chifukwa thovu lokhalitsa pashelefu limatuluka lolemera ndipo silifufuma bwino. Makampani monga Soudal ndi Sika amapanga mitundu ingapo, ndipo kusiyana kwake kumalembedwa pachitini. Pali lofufuma kwambiri lodzazira mipata wamba, ndipo pali lofufuma pang'ono lomwe linapangidwira mafelemu a zitseko ndi mazenera. Kusiyana kumeneku si kwamalonda chabe ayi, pakuti thovu lofufuma kwambiri limakankha ndi mphamvu moti limatha kupinda felemu la aluminiyamu kapena lamatabwa mpaka chitseko kuyamba kuvuta kutseka. Zitini zina zimabwera ndi kachubu kapulasitiki, zina zimafuna mfuti yake yapadera yothirira thovu, choncho munthu wa ntchito ya tsiku limodzi atenge cha kachubu. Dziwani kuti chitini cha kachubu chikatsegulidwa, thovu limaumira m'kachubumo ndi pakamwa pa chitini, motero ndi nzeru kuyamba mwazungulira nyumba yonse ndi kulemba ndi choko malo onse ofunika kutseka, kuti muchigwiritse ntchito tsiku lomwelo.

Tsiku la ntchito, yambani ndi kuzimitsa moto uliwonse. Mbaula itulutsidwe kunja, kandulo ndi nyali zizimitsidwe, wosuta fodya akasutire kutali, ndipo ngati pali wina amene akuwotcherera zitsulo kapena kudula ndi galainda pafupi, mudikire amalize. Gasi wotuluka m'chitini ndi wolemera kuposa mpweya, amatsikira pansi ndi kuunjikana m'makona, ndipo kamoto kakang'ono kakhoza kumuyatsa. Tsegulani mazenera ndi zitseko, ana ndi ziweto atuluke. Valani magolovesi apulasitiki, magalasi oteteza maso, malaya a manja aatali omwe simukuwadandaula, ndi chipewa ngati mukugwira ntchito pamwamba pa mutu wanu, chifukwa thovu likaumira m'tsitsi mankhwala ake ndi lumo basi. Isocyanate amayabwa khungu ndi maso, ndipo amatha kuyambitsa kapena kudzutsa mphumu, n'chifukwa chake kuyambira pa 24 Ogasiti 2023 malamulo a mayiko a European Union amafuna kuti amisiri ogwira ntchito ndi mankhwala amtunduwu aziyamba aphunzitsidwa. Munthu amene ali ndi mphumu kapena chifuwa chokhalitsa asiyire ena ntchitoyi.

Kenako sesani fumbi, zinyalala ndi simenti yosagwira m'mpatamo, ndipo pukutani mafuta aliwonse, chifukwa thovu silimata pamafuta, pasilikoni kapena papulasitiki ya mtundu wa majumbo. Matani tepi m'mbali mwa felemu ndi kuyala nyuzipepala pansi. Mukatero, wazani madzi pang'ono m'mpatamo, ongonyowetsa chabe osati ochucha. Gawo limeneli ndi lomwe ambiri amalidumpha, pomwe kuno kwathu m'miyezi youma ya Ogasiti mpaka Okutobala mpweya umakhala ndi chinyezi chochepa, ndipo thovu lopanda chinyezi limauma kunja kokha, m'kati muli phala lomwe lidzanyala pambuyo pake ndi kusiya mphako. Ngati mukutseka mozungulira felemu la chitseko, felemulo likhale litamangidwa kale ndi zomangira zake, ndipo muike matabwa awiri kapena atatu opingasa m'kati mwake kuti lisapindike pomwe thovu likukankha.

Khutchumulani chitini mwamphamvu kwa masekondi pafupifupi 30, lumikizani kachubu, ndipo chigwireni chozondotsa, pansi pake pakhale kumwamba, pokhapokha ngati pachitinipo alemba kuti chimagwira ntchito mbali iliyonse. Mukachigwira choimirira, gasi amatuluka yekha ndipo theka la thovu limatsalira m'kati popanda cholikankha. Yesani kaye pakatoni kuti dzanja lizolowere mphamvu yake. Pampata woimirira yambirani pansi kukwera m'mwamba, kuti thovu latsopano lizikhala pa lomwe lagwira kale, ndipo dzazani theka la mpatawo basi kapena kucheperapo. Diso limakuuzani kuti mwathira pang'ono, koma thovulo limakula kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo lomwe latuluka kunja mudzangolidula n'kutaya ndalama zanu. Mpata wakuya udzazeni m'magawo: thirani gawo loyamba, dikirani ligwire, wazaninso madzi, kenako thirani lachiwiri.

Mukamaliza, chotsani manja. Thovu likayamba kutuluka pampata n'kulendewera, mtima umafuna kulisalaza ndi chala kapena nsalu, koma kutero kumaphwanya timatumba ta mpweya tomwe timalipatsa mphamvu yotseka, ndipo kumapaka chomata pakhoma ponse. Pakapita mphindi pafupifupi 10 limachita khungu pamwamba, pakatha ola limodzi kapena kuposerapo limatheka kudula, koma kuuma kwenikweni mpaka m'kati kumatenga maola ofika 24, malinga ndi kukula kwa mpata ndi nyengo. Dulani lotsalira ndi mpeni wakuthwa molingana ndi khoma, ndipo matabwa opingasa aja muwachotse tsiku lotsatira. Thovu silipirira dzuwa: likasiyidwa poyera limasanduka lachikasu, kenako lofiirira, n'kuyamba kunyenyeka. Choncho liphimbeni ndi pulasitala, fila kapena penti, makamaka mbali yakunja.

Thovu laliwisi lomwe lagwera pamatailosi kapena pachitsulo limachoka ndi acetone, yemwe amapezeka m'mankhwala ambiri ochotsera utoto wa zikhadabo, koma yesani kaye pakona chifukwa acetone amawononga penti ndi mapulasitiki ena. Likauma palibe mankhwala apakhomo omwe angalisungunule, ndipo chotsala ndi kupala. Likagwera pakhungu, pukutani msanga ndi nsalu youma ndi kusamba ndi sopo, ndipo lomwe laumira lisiyeni lidzasupuka lokha m'masiku ochepa, osati kulikwecha ndi petulo kapena thinala. Likalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 ndi kupita kuchipatala mutanyamula chitinicho.

Malire a thovuli ndi ofunika kuwadziwa kuposa kathiridwe kake. Ngakhale litauma limayaka, ndipo utsi wake umakhala ndi carbon monoxide ndi hydrogen cyanide, yomwe ndi mipweya yakupha. Musalithire mozungulira chumuni, pafupi ndi chitofu kapena pamagetsi a m'siling'i omwe amatentha. Lilipo lina lolembedwa kuti ndi lopirira moto, lomwe nthawi zambiri limakhala lapinki kapena lofiira, koma nalonso limangochedwetsa moto kwa nthawi yoyesedwa pampata wa kukula kwina, ndipo silinapangidwire kukhudza chinthu chotentha tsiku ndi tsiku. Musalithirenso m'kati mwa soketi, switchi kapena bokosi la magetsi, popeza mawaya ofunditsidwa amalephera kutaya kutentha, komanso wamagetsi amene adzabwere kudzakonza sadzaona pomwe palumikizidwa.

Chinanso chomwe chimayesa anthu m'nyengo ya mwera, mu Juni ndi Julayi, ndi kutseka mabowo olowetsa mpweya omwe amisiri amasiya pamwamba pa mazenera. Mabowowo anaikidwa dala. M'nyumba momwe nthawi zina mumalowa mbaula kapena mumaphikidwa ndi gasi, kutseka mpata uliwonse kumasunga utsi wosaoneka wa makala umene umapha anthu ali m'tulo. Ngati vuto ndi udzudzu, ikani kaneti kapena sefa pabowopo, mpweya uzidutsa.

Denga lodontha silichira ndi thovu. Madzi amapeza njira m'mbali mwake, ndipo thovu lodulidwa limasunga chinyezi chomwe chimadyetsa malata ndi dzimbiri ndi kuoletsa matabwa mwakachetechete. Pamenepo pamafunika phula, msomali watsopano wa kapu kapena kusintha lata. Ku Britain, kumene eninyumba ambiri anapopera thovu lamakina pansi pa madenga kuti m'nyumba muzifunda, ena akuvutika kugulitsa nyumbazo chifukwa mabanki ena amakana kupereka ngongole pa nyumba yomwe matabwa ake a denga sangathe kuoneka kuti awunikidwe. Achibale athu okhala kumeneko amene akuganiza zogula nyumba ayenera kusuzumira kudenga asanasaine chilichonse.

Pa nkhani ya tizilombo, thovu limaletsa udzudzu ndi mphemvu kudutsa, koma khoswe amalitafuna mosavuta, ndipo chiswe chimaboola njira m'kati mwake osaoneka. Pabowo la makoswe yambani mwalowetsa waya wokwechera mapoto kapena sefa yachitsulo, thovu libwere pambuyo kudzagwira wayayo, kenako pulasitala pamwamba. Ngati mukutseka mpata wa pakati pa khoma ndi malata chifukwa cha mileme, dikirani madzulo itatuluka ndipo mutsimikize kuti mulibe ana ake, apo ayi idzafera m'siling'i ndipo fungo lake lidzakusowetsani mtendere.

Chitini chomwe simunachitsegule chisungidwe choimirira, pamthunzi, kutali ndi ana. Pachitini pamalembedwa kuti chisafike kutentha kwa madigiri 50, ndipo m'galimoto yotseka mawindo yomwe yaima padzuwa la Okutobala, makamaka kumadera otentha ngati Chikwawa ndi Nsanje, kutenthako kumapitirira pamenepo. Chitini chomwe chatha chimakhalabe ndi gasi m'kati, choncho musachiboole, musachipereke kwa ana kuti apangire galimoto, ndipo musachiponye kudzala komwe mumatentha zinyalala, chifukwa chimaphulika. Chitulutseni gasi yense panja, pakatoni, kufikira chitasiya kulira, kenako muchiike padera pamodzi ndi zinyalala zomwe sizitenthedwa.