Mmene mungapezere density ya mwala mu labu osasokoneza ma unit

Density ndi kulemera kwa chinthu kugawa ndi volume yake, kutanthauza malo amene chimatenga. Pezani sikelo, measuring cylinder (chibotolo chachitali cha mizere yoyezera madzi) ya 100 ml, ulusi, madzi ndi kamwala koti kalowe mu cylinder mosakakamiza. Ngati balance (sikelo ya mu labu) ya pasukulu panu inafa kalekale ngati yathu, kasikelo ka digito ka kukhitchini kamagwira ntchito, bola kaziwerenga magalamu. Totchipa kwambiri ta pamsika tisiyeni, lero tikuuzani china mawa china pa mwala womwewo.

Cylinder ikakhala yatsopano musaikhulupirire. Chaka china bambo wina wogulitsa zipangizo za sukulu anatibweretsera zapulasitiki pamtengo wozuna, kenako tinapeza kuti mizere yake ndi yonama, ndipo foni yake sinapezekenso. Kuyesa kwake nkosavuta: ikani cylinder yopanda kanthu pasikelo, dinani tare (batani lobwezera sikelo pa ziro), thirani madzi mpaka pa 100 ml. Sikelo izionetsa pafupifupi magalamu 100. Ikaphonya kwambiri, cylinder imeneyo muzisungiramo choko.

Yambani ndi kuyeza mwala pasikelo uli wouma. Wanga unali 54 g. Thirani madzi mpaka pa 50 ml, ikani cylinder patebulo, weramani kuti diso likhale pamzere wa madzi, ndipo werengani pansi pa kupindika kwa madziwo. Mangani mwala ndi ulusi, utsitseni pang'onopang'ono mpaka umire wonse. Osauponya, galasi silichedwa kusweka. Madzi anga anakwera kufika pa 70 ml, ndiye kuti mwala ndi 20 ml, zomwe ndi 20 cm³ popeza mililita imodzi ndi cm³ imodzi. Gawani 54 ndi 20, mupeza 2.7 g/cm³.

Tsopano apa ndi pamene ndinachita manyazi, ndiye mundipirire. Tsiku lina ndikuphunzitsa zimenezi m'kalasi, funso linkafuna yankho mu kg/m³. Magalamu sanandivute: 54 g ndi 0.054 kg. Pa volume ndinati mita imodzi ndi masentimita 100, ndiye ndinagawa 20 ndi 100 nkulemba 0.2 m³ pabolodi, ana onse nkukopera. Yankho linatuluka 0.27 kg/m³. Mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja: "Sala, sabata yatha munati mpweya ndi pafupifupi 1.2. Ndiye mwalawu ukupepuka kuposa mpweya?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ndi masamu angawo, kamwala kokwana m'manja kanasanduka malita 200, dilamu lathunthu la madzi!

Cholakwa chinali kuiwala kakatatu kali pamwamba pa cm. Ganizirani bokosi la mita imodzi mulitali, mita imodzi mulifupi, mita imodzi kupita m'mwamba. Mbali iliyonse ndi masentimita 100, choncho mkatimo muli 100 × 100 × 100, kutanthauza 1,000,000 cm³. Ndiye 20 cm³ ndi 0.00002 m³, ndipo 0.054 kugawa ndi 0.00002 ndi 2,700 kg/m³. Chiyambire tsiku limenelo ndimajambula bokosilo pabolodi ndisanalembe nambala iliyonse, ndipo yankho ndimaliyerekeza ndi la madzi, lomwe ndi 1,000 kg/m³. Mwala womira uyenera kuposa pamenepo.

Njira yachidule ilipo: mukapeza g/cm³, ingochulukitsani ndi 1,000. Ana amaikonda, koma ndimawapatsa akayamba amvetsa bokosi lija, apo ayi pamayeso a MANEB amagawa pofunika kuchulukitsa.

Zotsalazo ndi zazing'ono. Bwerezani kuyeza katatu mupeze avareji. Nambala iliyonse ikhale ndi unit yake. Mwala waukulu woti sulowa mu cylinder umafuna displacement can, chitini chokhala ndi kampopi kotulukira madzi osefukira. Ngati mulibe, dzazani kapu mpaka pakamwa, iikeni m'mbale, mizani mwalawo, kenako madzi otayikira m'mbalewo muwayeze mu cylinder. Njerwa ndi dothi osayesa, zimamwa madzi. Mukatha khuthulani madzi, ma cylinder muwagoneke m'kabati, ndipo batire la sikelo mulichotse.