Mmene mungaonere mapuloteni oyenda akumanga spindle m'selo

Spindle, chimango chomwe chimagawa makromozomu selo likamagawikana, si denga loti ukakhoma misomali ndiye wathana nalo. Imaima chifukwa mapuloteni ena akukankha pomwe ena akukoka, ndipo mukazimitsa gulu limodzi, maonekedwe ake onse amasintha. Izi mukhoza kudzionera nokha pa masiku atatu, mu labu iliyonse muno mu Blantyre yomwe imasunga maselo amoyo ndipo ili ndi maikulosikopu ya fluorescence yokhala ndi mafyuluta a DAPI ndi FITC (oonera utoto wabuluu ndi wobiriwira). Maikulosikopu a LED oyezera TB ndi auramine aja sakwanira, poti alibe kuwala kwa UV komwe DAPI imafuna.

Muyambe mwadziwa amene mukumuzimitsa. Spindle imapangidwa ndi ma microtubule, timachubu ta 25 nm m'mimba mwake, tokhala ndi nsonga ziwiri: ya minus imakhala ku centrosome (malo omwe timachubuto timachokera, kunsonga iliyonse ya spindle), ya plus imaloza pakati pa selo. Eg5, mmodzi mwa mapuloteni oyenda, yemwenso amatchedwa kinesin-5, ali ndi mitu inayi, iwiri uku iwiri uko. Amagwira timachubu tiwiri tochokera mbali zosiyana n'kumayenda pa tonse tiwiri kulowera ku plus, sitepe iliyonse 8 nm. Poyenda chonchi amatsetsereketsa timachubuto motalikirana, ma centrosome awiri aja n'kupatukana. Dynein, puloteni inanso yoyenda, amayenda chobwerera ku minus. Mothandizana ndi puloteni ya NuMA amasonkhanitsa nsonga kuti spindle isongoke ngati bwato, komanso amakokera mbali ziwirizo mkati, pamodzi ndi kinesin wina wotchedwa HSET. Mankhwala a monastrol, omwe Thomas Mayer ndi anzake a mu labu ya Tim Mitchison ku Harvard anawalengeza mu 1999, amagwira Eg5 osakhudza tubulin, puloteni yomwe imapanga timachubuto. Ubwino wake ndi umenewo, kuphatikizapo kuti amachoka mukatsuka.

Tsiku loyamba, ikani ma coverslip a 12 mm m'mbale ya mabowo 24, ndipo muwapake poly-L-lysine. Bowo lililonse lilandire maselo a HeLa (maselo a munthu osungidwa mu labu) pafupifupi 50,000 mu medium (madzi odyetsera maselo) ya DMEM ya 10% FBS, pa madigiri 37 ndi 5% CO2. Mawa lake akhale atadzaza pang'ono kuposa theka la galasi. Akathithikana, ogawikana amachepa ndipo oti muwaone amabisana.

Tsiku lachiwiri, sungunulani monastrol mu DMSO kuti akhale 50 mM, kenako 2 µl pa 1 ml iliyonse ya medium yofunda. Zimenezo zikupatsani 100 µM. Mabowo oyerekezera alandire 2 µl ya DMSO yokha. Dikirani maola anayi. Mabowo ena muwaumitse pomwepo mu methanol, monga tifotokozere pansipa. Otsalawo muwatsuke katatu ndi medium ya madigiri 37, muwabwezere mu inkyubeta, n'kumawaumitsa pakatha mphindi 15, 30, 45 ndi 60.

Apa ndi pomwe ntchito ya anthu ambiri imafera, ndiye tichedwepo. Ma microtubule amaphwasuka akazizidwa selo likadali lamoyo. Mukatsuka ndi PBS (madzi amchere otsukira) yochokera mufiriji, kapena mbale ikakhalitsa pabenchi m'mawa wa mu Juni kukuwomba chiperoni, spindle iwonda musanaigwire. Choncho zonse zokhudza selo lamoyo zikhale zofunda, ndipo kuchoka mu medium kulowa mu methanol ya madigiri -20 kusatenge nthawi: nyamulani coverslip ndi forceps, gunditsani m'mphepete mwake pa tishu, ponyani m'methanol. Kuzizira kwa methanol kulibe vuto chifukwa imaumitsa mapuloteni nthawi yomweyo. Mphindi zisanu zakwana. Ngati magetsi anathima usiku, yezani kuzizira kwa methanolyo musanaigwiritse ntchito.

Vuto lachiwiri ndi dzanja. Selo lomwe likugawikana limabulungika ndipo limangogwira galasi pang'ono. Mukathira madzi mwamphamvu pakati pa bowo, maselo omwe mwawadikira maola anayi aja apita ndi madziwo. Thirani motsatira khoma, pang'onopang'ono.

Kupaka utoto n'kwachizolowezi. PBS, kenako 3% BSA mphindi 30, antibody ya alpha-tubulin ya DM1A pa 1:1000 ola limodzi, kutsuka katatu, anti-mouse ya Alexa 488 pa 1:500 mphindi 45 mumdima, DAPI (utoto wa DNA) ya 1 µg/ml mphindi zisanu. Matani pa slide, igone mumdima mpaka mawa.

Tsiku lachitatu, yambani ndi za DMSO pa lenzi ya mafuta ya 60x kapena 100x. Maselo ogawikana akhala apa ndi apo, spindle yosongoka mbali zonse ziwiri, makromozomu atandanda pakati. Mukafika pa za monastrol mupeza maselo obulungika ochuluka kwambiri, chifukwa checkpoint (dongosolo loletsa selo kupitirira makromozomu asanagwidwe bwino) yawaimitsa, ndipo mkati mwake muli gudumu la njinga: timachubu tobiriwira tikutuluka pamalo amodzi ngati masipoko, makromozomu abuluu atazungulira ngati limu. Eg5 wagwidwa, okokera mkati apambana. Onetsetsani kuti pakati pa gudumulo palibe DNA. Makromozomu sanagwere pa centrosome chifukwa Kid, kinesin wokhala pa mikono yawo, akuwakankhirabe kunja. Injini imodzi yazima, koma inzake ikuonekera bwino kuposa kale.

Chenjerani ndi chinyengo chimodzi. Spindle yabwinobwino mukaiyang'ana kuchokera kunsonga imaonekanso ngati gudumu. Musalembe musanatembenuze fine focus kuchoka pamwamba pa selo mpaka pansi. Mukaona kadontho kowala kachiwiri kuseri kwa makromozomu, spindleyo ndi ya mbali ziwiri. Ngati maikulosikopu yanu ili ndi fyuluta yachitatu, ife timalimbikitsa kuwonjezera antibody ya pericentrin yochokera kwa kalulu, yomwe imaonetsa ma centrosome, kuti muziwerenga madontho m'malo mongoganizira.

Ma slide otsukidwa aja ndiwo okoma kuona. Pa mphindi 15 mbali ziwiri zayamba kupatukana, makromozomu ali mbwee. Pofika mphindi 45 mpaka 60 ambiri andanda, ena alowa kale mu anaphase (makromozomu akupatukana). Ngati mukufuna onse aime pa metaphase (makromozomu atandanda pakati), ikani 10 µM ya mankhwala a MG132 mu medium yotsukira. Mukapanda kuika, yang'anitsitsani pakati pa magulu awiri a makromozomu omwe akupatukana: kawirikawiri mupezapo kromozomu yotsalira, yomwe kinetochore yake (malo omwe timachubu timagwira pa kromozomu) inagwidwa ndi timachubu ta mbali zonse ziwiri nthawi yomwe spindle inali gudumu.

Werengani maselo ogawikana osachepera 100 pa coverslip iliyonse, mubwereze ntchito yonse katatu pa masiku osiyana, ndipo mnzanu aphimbe malebulo musanayambe kuwerenga. Ngati pa monastrol mukupezabe ma spindle ambiri a mbali ziwiri, kayikirani mankhwalawo kaye, makamaka ngati akhala akuuma n'kusungunuka kangapo. Koma mukathira monastrol pa HeLa zomwe MG132 yaziimitsa kale pa metaphase, spindle zambiri sizigwa, ndipo pamenepo mankhwala alibe mlandu: Eg5 amafunika popatula mbali ziwirizo, koma zikapatukana Kif15, kinesin-12, amatha kuzigwiriziza.