Momwe mungasankhire ndi kumanga quick change tool post pa lathe yaing'ono

Amene munagwirapo ntchito pa lathe (makina osemera chitsulo chikuzungulira) yaing'ono mukudziwa mmene tool post (chogwira mpeni wosemera) ya mbali zinayi, yobwera ndi makina ija, imadyera nthawi. Mukafuna kusintha mpeni mumayamba kusakasaka tizidutswa ta chitini kapena ta tsamba la hakiso lothyoka, n'kumasanja pansi pake mpaka nsonga ifike pakati pa chitsulo. Pomanga mabawuti, mpeni uja watsikanso. Quick change tool post imathetsa zonsezi. Mpeni uliwonse umakhala mu holder (kachitsulo komangamo mpeni) yakeyake, msinkhu mumautchera kamodzi, ndipo posintha mumangokankha chogwirira, kusolola holder n'kulowetsa ina.

Musanapereke ndalama, yezani kaye. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ikani centre (chitsulo chosongoka chija) mu tailstock (chochirikiza cha kumchira kwa lathe), bweretsani compound slide (silaidi yapamwamba imene post imakhalapo) pansi pake, ndipo ndi vernier kapena rula yachitsulo yezani kuchokera pamwamba pa compound kufika pa nsonga ya centre. Kenako funsani wogulitsa kuchindikala kwa mlomo wapansi wa holder, pamene mpeni umagona. Mlomowo mukauphatikiza ndi kuchindikala kwa mpeni, zichepereko pa muyeso munapeza uja. Zikapitirira, holder idzagunda compound nsonga isanatsike pakati, ndipo mudzangotsala ndi kugula mipeni yopyapyala kapena kusema holder iliyonse.

Masaizi ambiri pamsika amatsata mayina a kampani ya Aloris ya ku America. Saizi ya 0XA ndi ya timakina ta ku China totchedwa 7x10, 7x12 ndi 7x14, tozunguza chitsulo cha mainchesi mpaka 7. AXA imayenera lathe yozunguza chitsulo cha mainchesi mpaka 12, pamene BXA ndi ya yokulirapo. Eni Myford ML7 ambiri amakonda mtundu wa Dickson wa ku Britain. Palinso Multifix, imene imakhazikika m'malo 40 mozungulira, madigiri 9 pa dzino lililonse. Ndi yabwino zedi koma mtengo wake ndi wowawa. Musakopeke ndi yaikulu poganiza kuti ndiyo yolimba. AXA pa 7x12 imangolemetsa compound ndi kudya malo.

Pali mitundu iwiri ya kagwiridwe. Ya piston imakankhira holder kunja, pamene ya wedge imaikokera ku thupi la post n'kuikhazika pomwe inali dzulo. Ine ndimalangiza ya wedge, yachitsulo. Zotchipa za aluminiyamu zija zimagonja mukamadula chitsulo cholimba, mpeni n'kuyamba kunjenjemera.

Tsopano kumanga. Zimitsani makina ndipo zulani pulagi. Masulani chogwirira cha post yakale n'kuichotsa. Pansi pake nthawi zambiri pamakhala kapini kokhala ndi sipuling'i. Kachotseni musunge, chifukwa kakatsala post yatsopano sikhala bwino. Pukutani compound mpaka pasatsale nyenyeswa ngakhale imodzi.

Pa timakina tambiri ta 7x, bawuti yapakati ndi ya M10 yopotera mu compound, ndiye mumangochotsa yakale n'kuika yobwera ndi post. Yesani mazinga ndi dzanja musanagwire sipanala, popeza ena ndi a mainchesi. Ngati compound yanu ili ndi mpata wa T, ntchito ilipo. Post imabwera ndi chitsulo chosasema chimene muyenera kuchisema pa milling machine, kapena ndi hakiso ndi tupa ngati muli ndi mtima wodekha, mpaka chilowe mumpatamo osagwedera. Chenjerani apa: pamwamba pa chitsulo chimenechi, chotchedwa T-nut, pakhale motsikirako pang'ono poyerekeza ndi pamwamba pa compound. Ikatumphukira, post imakhala pa natiyo m'malo mopana compound, ndipo imatembenuka mpeni ukangoluma chitsulo, ngakhale mumange chotani.

Khazikani post, nati yapamwamba ikhale yosamangitsa. Yandikizani mbali ya holder ku nkhope ya chuck (chopanira chitsulo chosemedwa) kuti ziwongokerane, kenako mangani.

Potchera msinkhu, mangani chitsulo chobulungira mu chuck, makina ali chizimire. Panani rula yachitsulo mopepuka pakati pa chitsulocho ndi nsonga ya mpeni. Rula ikaima chilili, muli pakati. Mutu wake ukapendekera kutali ndi inu, mpeni wakwera. Ukapendekera kwa inu, watsika. Tembenuzani nati yamanyerenyere ya pa holder, koma muziyeza chogwirira chili chomanga, chifukwa holder imasuntha pang'ono ikagwidwa. Mpeni ukafika pakati, mangani nati yachiwiri yotsekera. Ndiye yatsani makina museme nkhope ya chitsulo. Pakatsala kamchombo pakati, bwerezani.

Post yotereyi imatulutsa mpeni kunja kwa compound kuposa yakale, choncho pa lathe yaing'ono mangani bwino masikuluwu a gib (ochotsa kugwedera kwa silaidi) ndipo musatambasule compound kwambiri, makamaka podula ndi parting tool. Phukusi lambiri limabwera ndi ma holder asanu, koma osemera wamba amakhalamo awiri okha. Poitanitsa, onjezeranitu ena anayi kapena asanu a nambala 250-001 ngati ndi 0XA, kapena 250-101 ngati ndi AXA, kuti mudzalipire ulendo umodzi wa katundu.