Momwe ndinachotsera "1000.0 kB" pa kukula kwa mafayilo

Pulogalamu yathu ya Python inkalemba fayilo ya mabayiti 999,999 kuti "1000.0 kB". Khodi inkayamba yasankha kB (mabayiti 1,000) kapena MB (mabayiti 1,000,000), kenako n'kuitana round(), lamulo lofupikitsa nambala poipititsa ku nambala yoyandikana nayo. Mabayitiwo akagawidwa ndi 1000 amakhala 999.999, ndipo popeza imeneyi sinafike 1000, nambalayo inkakhalabe pa kB, round() n'kuikweza kufika 1000.0.

Ndinasintha ndondomekoyo. Tsopano round() imayamba, ndipo nambala ikafika 1000 imagawidwanso n'kukwera pa MB. Ndinachitanso chimodzimodzi pa KiB (mabayiti 1,024) ndi MiB (mabayiti 1,048,576), mayina amene IEC, bungwe loona za miyezo ya zamagetsi padziko lonse, linakhazikitsa mu 1998, kungoti kumeneko malire ndi 1024. Mabayiti 1,048,575 akutuluka 1.0 MiB, osatinso 1024.0 KiB.

Malire awiriwa sindilola kuti asakanikirane m'khodi, chifukwa kusakaniza kumeneku n'kumene kumachititsa disiki ya 500 GB kuoneka ngati ya 465 GB pa kompyuta.