Momwe mungamatire ndi guluu wa epoxy m'nyengo yozizira ya ku Dedza

Guluu wa epoxy, yemwe amagulitsidwa m'machubu awiri, sadalira mpweya kuti alimbe ayi. M'chubu chimodzi muli utomoni womwe kawirikawiri umapangidwa kuchokera ku mankhwala otchedwa bisphenol A ndi epichlorohydrin, m'chinacho muli mankhwala olimbitsa, ndipo mukaziphatikiza mamolekyu ake (tizigawo take ting'onoting'ono kwambiri) amalumikizana mbali zonse mpaka kukhala chinthu chimodzi chomwe sichingasungunukenso, monga momwe mbiya yowotchedwa singabwererenso kukhala dongo. Kulumikizanaku kumadalira kutentha, moti kutentha kukatsika ndi madigiri 10, nthawi yolimbira imawirikiza pafupifupi kawiri. Kuno ku Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, zimenezi sizochepa m'miyezi ya Juni ndi Julayi.

Yambani ndi kuika machubuwo m'madzi ofunda kwa mphindi zingapo kuti utomoni ufewe, ndipo ntchitoyo muigwire masana, dzuwa litawomba pa chinthu chomwe mukumata. Kwechani malo omatapo ndi sandipepa, muwapukute ndi sipiriti, kenako dikirani kuti aumiretu, pakuti mafuta ndi chinyezi zimalepheretsa guluu kugwira.

Pakusakaniza ndi pamene ambiri amalakwitsa. Tsatirani muyezo wolembedwa pa paketi, womwe pa machubu ang'onoang'ono nthawi zambiri umakhala wofanana mbali zonse ziwiri. Ena amawonjezera mankhwala olimbitsa poganiza kuti akufulumizitsa ntchito, koma otsalawo amasowa cholumikizana nacho, choncho guluu amakhala wofewa mpaka kalekale. Takasani bwino pa katoni mpaka mtundu ukhale umodzi, ndipo musakanize pang'ono pokha, chifukwa epoxy amatulutsa kutentha akamalimba ndipo akachuluka amalimba musanamalize kupaka. Valani magolovesi, poti mankhwalawa amayambitsa ziwengo pakhungu.

Pakani mbali zonse ziwiri, ziphatikizeni, n'kuzimanga ndi mphira kapena chingwe osafinya kwambiri. Ngakhale wolembedwa kuti amalimba pa mphindi 5, musiyeni m'nyumba mofunda kwa maola 24 musanagwiritse ntchito chinthucho.

Epoxy amagwira bwino pa chitsulo, matabwa ndi ziwiya zadothi, koma sagwira pa zidebe ndi matanki a pulasitiki ya polyethylene. Musamatire poto kapena mbaula, chifukwa wa m'machubu wamba amafewa akatenthedwa kwambiri.